Moto ukazima, afunseni kaye eni nthaka musanabwere ndi mapulani anu

Moto wolusa ukangoyamba ku Canada, ku California kapena ku Australia, pa intaneti pamabuka mkangano womwe uja wa chaka ndi chaka. Mbali ina imati dziko likupsa, nthawi yokhala pansi n'kumakambirana palibe, tiyeni timange msanga nyumba zimene zapsa, tikumbe lithium wopangira mabatire, tiyale ma sola, tizike makina opanga magetsi ndi mphepo, ndipo mitundu ya eni nthaka imene ikuthamangira kukhoti ikungochedwetsa zinthu basi. Anthu omwewa amadzudzulanso atolankhani olemba za chilengedwe, akuti amangokhalira kumbuyo eni nthaka m'malo molemba chilungamo. Ine ndili mbali inayo ndipo ndineneretu pano pomwe: nthaka ikapsa, kapena kampani ikafuna kukumbapo mgodi kaya kuikapo magetsi, anthu amene nthakayo ndi yawo kuyambira kale atsamunda asanafike akuyenera kukhala ndi mphamvu yovomera kapena kukana, osati kungoitanidwa kumsonkhano kuti adzamve zomwe ena agamula kale. Ndipo mtolankhani amene amatsalira pamalopo malawi atazima, n'kumafunsa kuti kodi nthakayi tsopano ikupita kwa ndani, ameneyo ndiye akugwira ntchito yake.

Ndiyambe ndi motowo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti nkhalango za ku California zikupsa chonchi chifukwa cha kusintha kwa nyengo kokha. Kusintha kwa nyengo kulipodi, palibe akutsutsa, koma pali china chimene chinachita kupangidwa ndi malamulo. Mu 1850, chaka chomwe California inavomerezedwa kukhala chimodzi mwa zigawo za America, anakhazikitsa lamulo lokhudza eni nthaka limene mwa zina linaletsa kuotcha tchire mwadala. Kenako mu 1935 nthambi ya boma yoona za nkhalango, US Forest Service, inalamula kuti moto uliwonse umene wapezeka uzikhala utazimitsidwa pofika 10 koloko mmawa wa tsiku lotsatira. Nde tangoganizani, nkhalango zimene kwa zaka zikwizikwi zinkaotchedwa pang'onopang'ono ndi anthu, mwadzidzidzi zasiyidwa osapsa kwa zaka pafupifupi 100, masamba ouma, nthambi zakugwa ndi timitengo tothinana zikungounjikana pansi. Tsiku limene moto wafika, sumayendanso pansi ngati kale, umakwera mpaka kunsonga za mitengo ndipo palibe ozimitsa moto amene angauimitse.

A mtundu wa Karuk ndi a Yurok, amene amakhala m'mbali mwa mtsinje wa Klamath kumpoto kwa California, sankaotcha mwachisawawa ayi. Amayi oluka madengu amadziwa kuti chitsamba cha hazel chikapanda kupsa chimaphuka nthambi zokhotakhota zosalukika, koma chikapsa chaka chino, mphukira zake zimatuluka zowongoka bwinobwino, zoyenera kulukira dengu lonyamuliramo khanda. Pansi pa mitengo ya tanoak ankayatsa moto wofatsa kuti uphe tizilombo tofumbwitsa mbewu zake zimene amadya. Moto wotere umayenda chokwawa, munthu atha kuuyenda pambali osathawa, ndipo ukadutsa umasiya malo opanda zinyalala pomwe moto waukulu ukafika umafooka. Izi zinaletsedwa, anthu ankaopa kumangidwa chifukwa chochita zomwe agogo awo ankachita. Ndiye mu September 2020 moto wotchedwa Slater unasesa tauni ya Happy Camp, likulu la a Karuk, n'kuotcha nyumba pafupifupi 200. Anthu amene analetsedwa kuotcha ndi omwewo nyumba zawo zinapsa, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima nthawi zonse ndikaziganiza.

Kuti tisamangoti ndi nkhani zamakedzana, taonani kumpoto kwa Australia. Ku West Arnhem Land, kuyambira 2006, alonda a nkhalango a mitundu ya Aboriginal anayambiranso kuotcha tchire koyambirira kwa chilimwe udzu usanaumitsitse, ena akuyenda pansi ndi machesi, ena akuponya timipira toyatsa moto kuchokera mu helikopita motsogozedwa ndi akuluakulu odziwa malowo. Zotsatira zake moto woopsa wa kumapeto kwa chilimwe unachepa, utsi wopita mumlengalenga unachepa, mpaka ntchitoyi imabweretsa ndalama kudzera mu malonda a kaboni, momwe makampani amalipira anthu amene achepetsa utsi wotenthetsa dziko. Moto wa 2019 mpaka 2020 utasakaza kummwera ndi kummawa kwa dzikolo n'kupha anthu 33, komiti yaikulu yofufuza imene boma linakhazikitsa inalangiza kuti maboma azigwira ntchito limodzi ndi eni nthaka pa kasamalidwe ka moto. Mwaona, nzeru inalipo kale, chimene chinkasowa ndi chilolezo.

Tsopano ndibwere kwa amene sakugwirizana nane, ndipo ndiwachitira chilungamo chifukwa mfundo zawo zina ndi zolemera. Yoyamba ndi yakuti moto ndi moto, ngakhale woyatsa mwadala umapulumuka. Amatchula za ku New Mexico, chigawo cha ku America, mu 2022, pomwe moto wa Hermits Peak ndi Calf Canyon, umene unachokera ku ntchito yootcha mwadala, unakhala waukulu kwambiri m'mbiri ya chigawocho n'kuotcha nyumba mazanamazana. Izi ndi zoona, ndipo munthu amene nyumba yake inapsa pamenepo simungamuuze kuti kuotcha mwadala n'kwabwino iye n'kukumverani. Koma tiyeni tione kuti anayatsa ndani. Anali a US Forest Service, bungwe la boma lokhala ndi ndandanda ya ntchito ndi mahekitala oti akwanitse, osati anthu okhala pamalopo amene amayang'ana mphepo ya tsikulo, kugwira masamba kuti amve chinyontho, n'kunena kuti lero ayi tidikire. Sindikunena kuti eni nthaka sangalakwitse, ndi anthu ngati wina aliyense. Mfundo yanga ndi yakuti kusankha kulipo si pakati pa moto ndi kusakhala ndi moto. Nkhalango zimenezi zidzapsa ndithu, funso n'lakuti zipse tsiku lozizira anthu ataima pambali okonzeka, kapena tsiku lotentha la chimphepo anthu akuthawa m'magalimoto. Ndivomerezenso kuti kuotcha kwa makolo si mankhwala a chilichonse, tsiku lomwe mphepo ikuomba mwamphamvu pa nthaka youma gwa, ngakhale malo osamalidwa bwino atha kupsa. Koma kunena kuti chinthu sichithetsa mavuto onse si chifukwa chochiletsera.

Mfundo yachiwiri ndi yokhudza kumanganso, ndipo apa amatchula Lytton, kamudzi ka ku British Columbia. Pa 29 June 2021 kumeneko kunatentha kufika madigiri 49.6, kutentha kumene sikunachitikepo mu Canada yense, ndipo mawa lake mudziwo unapsa pafupifupi wonse. Zaka zinadutsa anthu ali m'mahotela ndi kwa achibale, nyumba zosamangidwa. Chimodzi mwa zomwe zinachedwetsa chinali chakuti pansi pa mudziwo pali zinthu zakale za mtundu wa Nlaka'pamux, amene akhala pamenepo pomwe mitsinje ya Fraser ndi Thompson imakumana kwa zaka zikwizikwi, ndiye lamulo limafuna kuti pokumba pakhale akatswiri oyang'anira, ndipo eni mapuloti ena anauzidwa mitengo yoti sakanakwanitsa. Otsutsa amati, mwaona, zakale zaposa anthu amoyo. Kudandaula kwa munthu wopanda nyumba ndikukumva ndipo n'koyenera. Komano mlandu ukuikidwa pa munthu wolakwika. Choyamba, kuchedwako kunali ndi zifukwa zambiri, dothi linali ndi poizoni lofunika kuchotsedwa, ofesi ya mudzi inapsa pamodzi ndi mafayilo ake, za inshuwalansi zinakoka nthawi, kenako mu November chaka chomwecho kusefukira kwa madzi kunadula misewu m'chigawocho. Chachiwiri, a Nlaka'pamux nawonso nyumba zawo zinapsa, nawonso anali othawa, sanali alendo obwera kudzatsekereza anzawo. Ndipo chachikulu, ngati dziko lagamula kuti manda ndi zotsalira za makolo ndi zofunika kuzisunga, ndalama yake ituluke m'thumba la boma kuyambira tsiku loyamba, osati kumusenzetsa munthu amene wangotaya zonse. Vuto la Lytton linali boma lochedwa kusenza udindo wake, ndipo zinatheka kuti mkwiyo wa anthu ugwere anansi awo chifukwa nkhani yachidule ndi yosavuta kufalitsa kuposa yaitali.

Komanso liwiro limene anthu amalifuulirali, tizifunsa kuti limapindulira ndani. Ku Lahaina pa chilumba cha Maui ku Hawaii, moto wa August 2023 unapha anthu pafupifupi 100. Mitembo isanathe n'kupezeka komwe, anthu opulumuka anayamba kunena kuti akulandira mafoni ndi mauthenga ochokera kwa ofuna kugula mapuloti awo, mpaka bwanamkubwa Josh Green analankhula zofuna kuimitsa kaye kugulitsa malo kumeneko. Zili ngati munthu wobwera pamaliro ali ndi chingwe choyezera munda wa malemu. Munthu amene alibe pogona, inshuwalansi yake yachedwa, ana akufunika sukulu, amagulitsa motchipa malo amene banja lake lakhalapo mibadwomibadwo, ndipo pakatha zaka khumi pamalopo pali nyumba za alendo okaona malo. Pa pepala tauni yamangidwanso, koma anthu ake ali kwina.

Nkhani ya Lahaina ili ndi mbali ina imene makamera a tsiku loyamba sanaione. Tauniyi inali likulu la ufumu wa Hawaii mpaka 1845, ndipo kale kunali madambo, maiwe a nsomba ndi minda ya kalo, chomera cha mizu yodyedwa, yothiriridwa ndi timitsinje tochokera kumapiri. Minda ikuluikulu ya nzimbe itabwera, madziwo anapatutsidwa. Kampani ya shuga ya Pioneer Mill itatseka mu 1999, mindayo inasanduka tchire la udzu wachilendo umene umakula msanga mvula ikagwa n'kuuma gwa pakapita nthawi yochepa, ndipo udzu umenewo ndi umene unathamangitsa moto kulowa mtauni. Koma motowo utangotha, ena anayamba kuloza chala mkulu wina wa bungwe loona za madzi, Kaleo Manuel, yemwe ndi mbadwa ya komweko, akuti anachedwetsa chilolezo chopatutsa madzi, ndipo anachotsedwa pa mpandowo. Patapita milungu ingapo anabwezeretsedwa. Pakanapanda anthu a komweko kukana kukhala chete ndi atolankhani kufukula mbiri ya madziwo, nkhani yotsala m'mitu ya anthu ikanakhala yakuti ufulu wa madzi wa eni nthaka ndi umene unaotcha Lahaina, pomwe mbiri ikuonetsa kuti kulandidwa kwa madziwo ndi kumene kunaumitsa malowo.

Tsopano mfundo yolemera kuposa zonse, ya magetsi osawononga chilengedwe. Amati moto wonsewu ukukula chifukwa dziko likutentha, mu 2023 mokha ku Canada kunapsa mahekitala oposa 15 miliyoni ndipo mzinda wonse wa Yellowknife unasamutsidwa, ndiye kuti tisiye malasha ndi mafuta tikufunika lithium wa mabatire, kopa wa mawaya, ndi malo aakulu oyalapo ma sola. Kafukufuku wina wa mu 2022 anapeza kuti migodi yoposa theka ya miyala yofunika pa kusinthaku ili pa nthaka ya eni nthaka kapena pafupi nayo. Nde akuti mtundu uliwonse ukapatsidwa mphamvu yokana, palibe chimene chidzamangidwe, ndipo oyamba kuvutika ndi kutentha kwa dziko adzakhala eni nthaka omwewo. Mfundo imeneyi sindingaikankhire pambali, nanenso ndikufuna malasha asiyidwe msanga.

Koma taonani zomwe zachitika komwe anadumpha chilolezo pofuna kufulumira. Ku Fosen ku Norway anazika makina a mphepo 151 pamalo pomwe a mtundu wa Sami amadyetsera ziweto zawo za reindeer nthawi yachisanu. Mu October 2021 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti ziphaso zake zinaphwanya ufulu wa a Sami pa chikhalidwe chawo. Makina anali atamangidwa kale, boma linangokhala osachitapo kanthu kwa masiku oposa 500, mpaka achinyamata a Sami pamodzi ndi Greta Thunberg, womenyera za nyengo wa ku Sweden, anakatseka makomo a maunduna ku Oslo mu 2023, boma linapepesa, ndipo mapangano anadzatheka kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024. Ku Oklahoma ku America, kampani ya Enel inazika makina 84 pa nthaka yomwe miyala yake yapansi ndi ya mtundu wa Osage osatenga chilolezo chokumba, mlandu unakoka zaka pafupifupi khumi, ndipo mu December 2023 woweruza analamula kuti makinawo azulidwe. Kuthamanga sikufika. Chaka chimodzi kapena ziwiri zokambirana moona mtima pachiyambi zikanakhala zotchipa kuposa zaka khumi za maloya, ndipo choipa kwambiri n'chakuti mlandu uliwonse wotere umapatsa zida anthu odana ndi magetsi a mphepo ndi dzuwa kuti aziti onani, nawonso ndi olanda malo ngati anzawo a mafuta.

Ndiye yerekezani ndi komwe eni nthaka anakhala eni ntchito. A mtundu wa Moapa Band of Paiutes ku Nevada ku America anakhala zaka zambiri moyandikana ndi siteshoni ya malasha ya Reid Gardner, akupuma fumbi la phulusa lake. Anamenya nkhondo kuti itsekedwe, inatsekedwa mu 2017, ndipo chaka chomwecho pa nthaka yawo panatsegulidwa munda wa ma sola wa mamegawati 250 umene umagulitsa magetsi ku Los Angeles. Kumpoto kwa Ontario ku Canada, mitundu 24 ya eni nthaka ili ndi magawo 51 pa 100 a Wataynikaneyap Power, mzere wa magetsi wa makilomita pafupifupi 1,800 womangidwa kuti midzi yakutali 17 isiye kudalira majenereta a dizilo. Kodi anthu amenewa ndi odana ndi chitukuko? Ayi ndithu. Chimene amakana ndi kuuzidwa kuti phindu lipita kwina, iwo atsale ndi dzenje. Ndipo mawu akuti magetsi oyera tisamawameze osatafuna, madamu anayi a pa mtsinje wa Klamath nawonso ankapanga magetsi opanda utsi, koma anatsekera nsomba za salmon njira yopita kokaswana kwa zaka zoposa 100, ndipo mu 2002 nsomba zikwi makumimakumi zinafa kumunsi kwa mtsinjewo madzi atachepa. A Yurok, a Karuk ndi anzawo analimbana zaka zoposa 20, madamuwo anagumulidwa, ntchito inatha mu 2024, ndipo m'miyezi yomweyo nsomba zinaoneka kumtunda komwe zinasiya kufika kalekale.

Pali chinthu chimene sindikufuna kubisa. Mukapatsa anthu mphamvu yokana, nthawi zina adzakanadi, ndipo mgodi wina wabwino pa pepala sudzakumbidwa. Ku Oak Flat ku Arizona, komwe kampani ya Resolution Copper ya Rio Tinto ndi BHP ikufuna kukumba kopa pansi pa malo opatulika a mtundu wa Apache, njira yokumbira yake idzachititsa kuti nthaka ya pamwamba ititimire n'kusiya chidzenje chachikulu, palibe zoti tigawane pakati, malo amapemphero adzakhalapo kapena sadzakhalapo. Khoti lalikulu la America linakana kumva apilo ya gulu la Apache Stronghold mu May 2025. Ine ndikuti a Apache anayenera kumveredwa, olo zitatanthauza kuti kopayo akafunidwe kwina mokwera mtengo kapena tilimbikire kugwiritsanso ntchito kopa wakale. Palibe amene anganene kuti tigumule tchalitchi chachikulu cha mumzinda chifukwa pansi pake pali miyala ya mabatire, aliyense amamvetsa kuti pali malo osakhudzidwa. Rio Tinto yomweyo inaphulitsa mapanga a Juukan Gorge ku Australia mu 2020, malo omwe anthu anakhalamo zaka 46,000 zapitazo, zonse mololedwa ndi lamulo la nthawiyo, ndipo mkulu wa kampaniyo anatula pansi udindo dziko lonse litakwiya. Kukwiya pambuyo sikunabweze mapangawo.

Ena amafunsa kuti chabwino, koma amalankhulira eni nthaka ndani, poti iwonso sagwirizana? Ndi zoona. Pa mgodi wa lithium wa Thacker Pass ku Nevada, utsogoleri wa mtundu wa Fort McDermitt Paiute and Shoshone unasaina pangano la phindu ndi kampani ya Lithium Americas, pomwe mitundu ina ngati Reno-Sparks Indian Colony inapita kukhoti ponena kuti malowo ndi pomwe makolo awo anaphedwa ndi asilikali mu 1865. Koma kodi pali dziko kapena mzinda umene anthu ake onse amagwirizana? Kusagwirizana kwa nzika sikupatsa mlendo ufulu wogamula m'malo mwawo. Chikalata cha United Nations cha mu 2007 chokhudza ufulu wa eni nthaka chimanena za chilolezo choperekedwa mwaufulu, ntchito isanayambe, anthu atauzidwa zonse, kudzera mu mabungwe awo omwe. British Columbia inachiika m'malamulo ake mu 2019, Canada yonse mu 2021. Kutanthauza kuti njira ilipo, chofunika ndi kupatsa anthu nthawi ndi ndalama zolembera akatswiri awoawo kuti awerenge zikalata za masamba zikwizikwi zimene kampani yabweretsa, osati kuwatumizira kalata nthawi ya mliri wa COVID-19 maofesi atatseka kenako n'kumati sanayankhe ndiye avomera.

Nditsirize ndi atolankhani, poti nawonso ali pa mlandu. Akuti amakondera. Ine ndikuona kuti kukondera kwenikweni kuli pa nkhani ya masiku atatu ija, ndege zothira madzi, thambo lofiira, mayi akulira pa phulusa la nyumba yake, kenako makamera n'kunyamuka kupita ku ngozi ina. Nkhani yotere imaoneka yosakondera koma imathandiza amene ali ndi mphamvu, chifukwa zigamulo zonse zikuluzikulu, ndani apatsidwe kontrakiti yodula mitengo yopserera, madzi apite kuti, mapuloti agulidwe ndi ndani, zimachitika miyezi ingapo pambuyo pake m'zipinda zomwe mulibe kamera. Moto wa Camp umene unapha anthu 85 ku tauni ya Paradise ku California mu 2018 unayamba chifukwa cha kachitsulo kokolowekera waya kamene kanadyeka pa mzere wa magetsi wa kampani ya PG&E womangidwa pafupifupi zaka 100 m'mbuyomo, ndipo kampaniyo inavomera milandu 84 yopha anthu mosasamala mu 2020. Zoterezi sizidziwika poyang'ana malawi, zimadziwika pokhala m'khoti, kuwerenga mafayilo, kubwererabwerera kwa anthu omwewo. Kufunsa mtundu umene nthaka ndi yake kuti mukuti bwanji si kukondera, ndi kufunsa mbali imene nkhaniyo ikuikhudza kwambiri. Ndipo ntchitoyi ili ndi mtengo wake, wojambula zithunzi Amber Bracken anamangidwa ndi apolisi a ku Canada mu November 2021 ali pa ntchito pa nthaka ya mtundu wa Wet'suwet'en pomwe anthu ankakana paipi ya gasi.

Pomwe ndimawadzudzula atolankhani ndi pena. Ambiri amakonda chithunzi cha gogo wanzeru ataima pa utsi akulankhula za mizimu ya nkhalango, ndime imodzi yokometsera nkhani, kenako manambala ndi mfundo zolimba n'kukazitenga kwa pulofesa wa ku yunivesite. Kumeneko ndi kunyoza kovala ulemu. A Karuk ali ndi nthambi yawo yoona za chilengedwe, ali ndi mapulani olembedwa a kusintha kwa nyengo, akatswiri a moto, maloya, ndipo akuyenera kufunsidwa mafunso ovuta ngati boma lina lililonse, kuphatikizapo akalakwitsa kapena atsogoleri awo akasaina pangano lomwe anthu awo sakulifuna.

Nkhani yoti ailondole pano ilipo kale. California, yomwe inaletsa kuotcha mu 1850, inakhazikitsa lamulo mu 2021 lochepetsa mantha a milandu kwa ootcha mwadala, ndipo mu 2024 inakhazikitsa lina, SB 310, lolola mitundu ya eni nthaka kupanga mapangano ndi boma la chigawocho kuti iziotcha popanda kupempha chilolezo pa moto uliwonse. Izi ndi zabwino ndipo anazilimbanira nthawi yaitali. Koma gawo lalikulu kwambiri la nthaka ya makolo a Karuk lili m'manja mwa boma lalikulu la America pansi pa US Forest Service, komwe lamulo la California silifika. Ndiye mayi woluka madengu uja akafuna kuotcha chitsamba cha hazel pa phiri la kuseri kwa nyumba yake, pa malo ambiri akuyenerabe kudikira siginecha ya ofesi yomwe ija inalamula mu 1935 kuti moto uzikhala utazima pofika 10 koloko. Ndikufuna mtolankhani apite kukafunsa ofesiyo kuti mapempho otere alandira angati, avomera angati, ndipo amatenga miyezi ingati asanayankhe.